Kodi Baibulo lidaneneratu za Muhammad? Mawu kwa adzukulu anga a kumzikiti ndi a kutchalitchi

Adzukulu anga, m'banja mwathu muno tilimo a mbali ziwiri. Ena Lachisanu mumavala mkanjo ndi kofia kupita ku swala ya Juma, ena Lamulungu m'mawa mumakwapatira Baibulo ndi buku la nyimbo. Kuno kwathu izi si zachilendo. Pa kalembera wa 2018, anthu pafupifupi 14 mwa 100 alionse m'Malawi adali Asilamu, ndipo m'maboma ngati Mangochi, Machinga, Balaka ndi Zomba muli mabanja ambiri omwe pamaliro amakhala ndi shehe mbali iyi, mkulu wa mpingo mbali inayo. Tsono zandifika kuti mwayamba kuponyerana timakanema ta mitsutso pa WhatsApp, ndipo ena mwa inu mwafika posiya kupatsana moni chifukwa cha funso limodzi: kodi Baibulo lidalosera za kubwera kwa Muhammad?

Ine ndine Mkhristu, ndakalambira m'tchalitchi, ndipo maganizo anga pa funsoli sindikubisirani. Koma ndisananene, ndifuna mudziwe kuti funsoli ndi lakale kuposa mafoni anuwo, ndipo adalisenzapo anthu ophunzira kuposa amene mukuwaonera m'timakanemato.

Inu Akhristu, yambani mwamvetsa chifukwa chake mbale wanu wachisilamu amatsegula Baibulo lanu. Sikuti akufuna kukuputani. Qur'an yomwe amaikhulupirira ndiyo imamuuza kuti akafunefune. Mu Sura 7 ndime 157, Qur'an imati Mtumiki wosadziwa kulemba ndi kuwerengayo adalembedwa mu Taurati ndi mu Injili. Mu Sura 61 ndime 6, imati Isa mwana wa Mariya, yemwe ife Akhristu timamutcha Yesu, adauza ana a Israeli nkhani yabwino ya mtumiki wodzabwera pambuyo pake, dzina lake Ahmad. Munthu amene wakhulupirira mawu amenewa ndi mtima wonse sangaleke kufunsa kuti, nanga m'mabuku a Ayuda ndi Akhristuwa, palembedwa pati? Mukanakhala inu mukanachita chimodzimodzi.

Ndipo kunena zoona, ife Akhristu tidachita kale chimodzimodzi. Mabuku omwe timawatcha Chipangano Chakale ndi mabuku a Ayuda. Ife timatsegula Yesaya 53 n'kuonamo Yesu, timatsegula Salimo 22 n'kuonamo mtanda. Myuda amawerenga ndime zomwezo m'chilankhulo chake cha Chiheberi n'kunena kuti ayi, pano akunena za Israeli, apa akunena za Davide. Cha m'ma 160, Mkhristu wina wotchedwa Justin Martyr adalemba buku lathunthu la mtsutso wake ndi Myuda wotchedwa Trypho pa nkhani yomweyi. Tsono Msilamu akadzatsegula Yohane n'kuonamo Muhammad, mtima usakupwetekeni ngati wakuberani mbuzi. Akuyenda m'njira yomwe makolo athu m'chikhulupiriro adalambula. Mukhoza kumutsutsa, ndipo ine ndimamutsutsa, koma musamuyese wamisala.

Ibn Ishaq, yemwe adalemba mbiri yakale kwambiri ya moyo wa Muhammad ndipo adamwalira cha m'ma 767, adatenga kale mawu a mu Yohane 15 n'kunena kuti wolonjezedwa mmenemo ndi Muhammad. Patapita zaka zosakwana zana, sing'anga wina wophunzira dzina lake Ali ibn Rabban al-Tabari, yemwe adakulira m'Chikhristu n'kulowa Chisilamu atakula, adasonkhanitsa ndime zambirimbiri za mu Yesaya, Masalimo ndi aneneri ena m'buku lotchedwa Kitab al-Din wa al-Dawla. Mu 1854 mumzinda wa Agra ku India mudachitika mtsutso waukulu pakati pa Rahmatullah Kairanawi ndi mmishonale wa ku Germany, Karl Gottlieb Pfander, ndipo pambuyo pake Kairanawi adalemba buku lotchedwa Izhar ul-Haq. Buku limeneli ndi lomwe lidadzagwa m'manja mwa mnyamata wina wogulitsa m'sitolo pafupi ndi Adams Mission, kufupi ndi Durban ku South Africa. Mnyamatayo adali Ahmed Deedat, wobadwa mu 1918 n'kumwalira mu 2005, yemwe timabuku take ndi makaseti ake adafala mu Africa monse muno. Mfundo zambiri zomwe mukutumiziranazo ndi zake, zangovekedwa malaya atsopano. Inu Akhristu dziwani ichi: Deedat mwini ankasimba kuti chidamuyambitsa kuwerenga Baibulo n'chakuti ophunzira a pamishoni ankabwera m'sitolomo n'kumamunyogodola pa za Mtumiki wake, iye n'kusowa choyankha. Chipongwe cha anyamata ochepa chidabala mtsutsi amene abusa ambiri adatuluka naye thukuta zaka makumi angapo.

Tsopano tiyeni tilowe m'ndime zenizenizo, chifukwa ambiri mwa inu mumazitchula musanaziwerenge.

Yoyamba ndi Deuteronomo 18, ndime 15 ndi 18, pomwe Mulungu akulonjeza kudzutsa mneneri wonga Mose kuchokera mwa abale awo, n'kuika mawu ake m'kamwa mwa mneneriyo. Msilamu amati, abale a Aisraeli ndani? Ndi ana a Ismayeli, mwana woyamba wa Abrahamu, yemwe pa Genesis 17:20 adalonjezedwa kudzakhala mtundu waukulu. Amaonjeza kuti Muhammad ndiye wofanana ndi Mose: onse adabadwa kwa bambo ndi mayi, adakwatira, adabweretsa malamulo, adatsogolera mtundu pamtendere ndi pankhondo, adamwalira ndipo akadali m'manda. Yesu, malinga ndi Akhristu eni ake, sadali wotero. Mfundo imeneyi si yopepuka, ndipo Mkhristu amene amangoiseka ndiye kuti sadaimvetse. Yankho la Akhristu ndi lakuti werengani mitu yoyandikana nayo. Pa Deuteronomo 17:15 Aisraeli akuuzidwa kuti mfumu yawo idzachokere mwa abale awo, osati mlendo, ndipo palibe adaganizapo zokatenga mfumu kwa Aarabu. Koyambirira kwa mutu 18 womwewo, Alevi akunenedwa kuti alibe cholowa pakati pa abale awo, kutanthauza mafuko ena a Israeli. Ndipo pa Machitidwe 3:22 Petro akutenga lonjezo limeneli n'kulilozetsa kwa Yesu. Msilamu wowerenga bwino sangothera pomwepo. Adzakuonetsani Deuteronomo 2:4, pomwe ana a Esau, omwe sadali Aisraeli, akutchedwanso abale. Adzakuonetsani Yohane 1, pomwe Ayuda adafunsa Yohane Mbatizi mafunso atatu osiyana: ngati ali Khristu, ngati ali Eliya, ngati ali Mneneri uja. Adzati, mwaona, ankayembekezera wachitatu. Mkhristu adzati, ankayembekezeradi, koma sadadziwe kuti Khristu ndi Mneneriyo ndi munthu mmodzi. Ali apo Myuda akuti nonse awiri mwasochera, Mose ankanena za aneneri a Israeli omwe adabwera motsatizana pambuyo pake.

Yachiwiri, yomwe imautsa fumbi kwambiri, ili mu Yohane mitu 14, 15 ndi 16. Usiku wotsiriza, Yesu akulonjeza ophunzira ake kuti kudzabwera wina, amene Buku Lopatulika lathu la 1922 lidamutcha Nkhoswe. Asilamu amagwira zinthu zitatu. Yesu adati Nkhosweyo sangabwere iye asanachoke, pomwe Mzimu Woyera adalipo kale, pakuti Luka akuti Yohane Mbatizi adadzazidwa naye asanabadwe. Yesu adatinso wodzabwerayo sadzalankhula za iye yekha koma zomwe wamva, ndipo Msilamu akamva izi amakumbukira Muhammad akulandira mawu kwa mngelo Jibril. Chachitatu, Yesu adati Nkhoswe ina, ndipo pa 1 Yohane 2:1 Yesu mwini akutchedwa ndi dzina lomweli. Tsono ngati woyambayo adali munthu woyenda ndi miyendo, bwanji winayo asakhale munthu?

Ine pano ndimaima ndi mpingo wanga, ndipo zifukwa zanga zili m'mitu yomweyo. Pa 14:26 wolembayo akutchula poyera kuti Nkhosweyo ndi Mzimu Woyera. Pa 14:17 akuti dziko silimuona, ndipo adzakhala mwa ophunzirawo. Pa 14:16 akuti adzakhala nawo nthawi zonse. Lonjezoli lidaperekedwa kwa anthu omwe adali m'chipindamo usiku umenewo, ogwidwa ndi mantha, ndipo sindiona chitonthozo chomwe akadapeza pouzidwa za munthu wodzabadwa ku Makka cha m'ma 570, iwo atafa kalekale. Komanso pa 15:26 ndi 16:7 wotuma Nkhosweyo ndi Yesu, ndipo sindidakumanepo ndi shehe wovomera kuti Muhammad adatumidwa ndi Isa. Awa ndi maganizo anga. Adzukulu anga achisilamu, simuli okakamizidwa kuwalandira chifukwa choti ndine gogo wanu. Chomwe ndikupempha n'chakuti muwadziwe, monga momwe ndadziwira anu.

Pali ndime zinanso: Yesaya 42 yomwe imatchula Kedara, mwana wa Ismayeli, koma yomwe Mateyu 12 amailozetsa kwa Yesu, Deuteronomo 33:2 yomwe imatchula phiri la Parana, chipululu chomwe Genesis 21 imati Ismayeli adakhalako, Yesaya 29:12 ya munthu wosadziwa kuwerenga amene apatsidwa buku. Zonsezi zili ndi mayankho ake uku ndi uku, sinditha kuzitsata imodziimodzi.

Koma pali mfundo zitatu zomwe ndikupemphani, inu a kumzikiti, kuti muzitaye, chifukwa zimakuchotserani ulemu pamaso pa anthu odziwa. Yoyamba ndi ija yakuti liwu la Chigiriki la Nkhoswe, parakletos, poyamba lidali periklytos, kutanthauza wotamandika, monga dzina la Ahmad. N'zokoma kumva, koma mipukutu ya Yohane yolembedwa pamanja ilipo yambiri, ina ya cha m'ma 200, ina ngati Codex Sinaiticus ya m'zaka za m'ma 300, yonse yakale kuposa Chisilamu, ndipo palibe ndi umodzi womwe uli ndi periklytos. Yachiwiri ndi ya Nyimbo ya Solomo 5:16, pomwe pali liwu la Chiheberi lomveka ngati dzina la Muhammad. Liwulo limangotanthauza chinthu chokhumbika, ndipo pa Ezekieli 24:16 likunena za mkazi wa mneneriyo. Gawo limenelo la Nyimbo ya Solomo ndi mkazi akuyamikira thupi la bwenzi lake. Kodi ndi momwe mufuna Mtumiki wanu apezekemo? Yachitatu ndi buku lotchedwa Uthenga wa Barnaba. Limeneli ndi chikomekome cha nkhuyu. Limatchuladi Muhammad ndi dzina, koma lidapezeka m'zolemba ziwiri zokha, za Chitaliyana ndi Chisipanishi, za kumapeto kwa zaka za m'ma 1500 ndi pambuyo pake. Wolemba wake amati Yesu adakwera ngalawa kukafika ku Nazarete, mudzi wa kumapiri wopanda gombe. Choposa apo, bukuli limati Yesu si Mesiya, Mesiya ndi Muhammad, pomwe Qur'an yanu imamutcha Isa mobwerezabwereza kuti al-Masih, kutanthauza Mesiya. Mukaligwiritsa ntchito mukutsutsa buku lanu lomwe.

Inu a kutchalitchi musaombe m'manja msanga, chifukwa nanunso muli ndi chizolowezi chomwechi. Ndamvapo achinyamata athu akuthamangira ku Sura 4 ndime 171 kuti, taonani, Qur'an yomwe ikuti Isa ndi Mawu a Mulungu ndi Mzimu wochokera kwa Iye. N'zoona, ikutero. Koma ndime yomweyo imati Isa ndi mtumiki chabe ndipo imaletsa kunena za utatu. Mukadula pakati n'kubisa mchirawo, mwachita chomwe mumadandaula kuti anzanu amachitira Yohane 14.

Kudula ndime kumeneku ndidakuona ndi maso pa tsiku la msika pamalo ena a malonda. Adaika tebulo pansi pa mtengo wa mango, pamwamba pake Mabaibulo awiri otha zikuto, Qur'an yokutidwa bwino ndi nsalu, ndi chimkuzamawu cholumikiza ku batire ya galimoto. Mlaliki adali chilili, mnyamata wowerenga atakhala pampando chala chili pa tsamba. Mlaliki akafuula kuti "Werenga!" mnyamata ankawerenga. Asanafike kumapeto kwa vesi, mlaliki ankadula: "Ima pomwepo! Mwamva, anthu inu?" Anthu m'manja phwaphwaphwa, amayi ogulitsa tomato mpaka kusiya malonda. Mkulu wina wa njinga ya kabaza adapempha kuti awerengeko vesi yotsatira, koma mawu ake adamira m'phokoso. Atabwera a mbali inayo masana, machitidwe adali omwewo, buku lokha ndi lomwe lidasintha. Madzulo aliyense adapita kwawo akuti tapambana, ndipo sindikhulupirira kuti padali munthu ndi mmodzi yemwe amene adakatsegula mutu wonse kunyumba.

Pansi pa mkangano wonsewu pali funso lomwe ovutana m'misika salifikako. Mkhristu amati kwa Msilamu, iwe umanena kuti Baibulo lidasinthidwa, nanga ukulitengeranji ngati mboni? Msilamu amayankha kuti choonadi china chidatsalamo, ndipo chomwe chimandiuza kuti ichi n'chotsala, ichi n'choonjezera, ndi Qur'an, yomwe pa Sura 5 ndime 48 imadzitcha yoyang'anira mabuku akale. Dziwaninso kuti akatswiri achisilamu eni ake sadagwirizane pa kusinthidwako, komwe amakutcha tahrif: ena adati Ayuda ndi Akhristu adapotoza tanthauzo lokha, ena monga Ibn Hazm wa ku Spain, yemwe adamwalira mu 1064, adati adasintha mawu enieniwo. Tsono onani mmene zilili. Msilamu amayeza Baibulo ndi Qur'an. Mkhristu amayeza zonse ndi Khristu wa m'Mauthenga Abwino. Zili ngati anthu awiri okangana pa thumba la chimanga, wina akuyeza ndi ndowa, wina ndi sikelo, aliyense akuti mnzake ndi wakuba. Vesi limodzi silingathetse mlandu wotere, chifukwa aliyense amafika pa vesilo atasankha kale muyeso wake. Munthu amasintha chipembedzo, inde, ndipo ena m'banja mwathu adasinthadi, kupita uku ndi uku. Koma amene ndimawadziwa adasintha atalingalira miyezi ndi zaka, ena chifukwa cha khalidwe la munthu amene adawasamala pa matenda. Wosinthira pa chimkuzamawu sindidamuone.

Ndikufuna mudziwe za anthu awiri amene adakambirana nkhani yomweyi mwaulemu. Cha m'ma 781 mumzinda wa Baghdad, Khalifa al-Mahdi, wolamulira dziko lalikulu la Asilamu, adakhala pansi masiku awiri ndi Timothy I, mkulu wa Mpingo wa Kum'mawa. Khalifa adafunsa mafunso omwewa: Nkhoswe ndani, mneneri wonga Mose ndani, wokwera ngamira wa pa Yesaya 21:7 ndani. Timothy, yemwe moyo wake ndi wa nkhosa zake udali m'manja mwa mfumuyo, sadagonje ndi pang'ono pomwe. Adanena poyera kuti sadapeze Muhammad m'Malemba, ndi kuti akadampeza akadamutsata. Komabe atafunsidwa maganizo ake pa Muhammad, adamuyamikira kuti adayenda m'njira ya aneneri, chifukwa adachotsa anthu ake ku mafano n'kuwaphunzitsa za Mulungu mmodzi. Adaperekanso fanizo la ngale yogwera m'nyumba ya mdima: aliyense watola kanthu n'kufumbata, akukhulupirira kuti ngale ili kwa iye, koma kukadzacha m'pamene zidzadziwike amene wagwira ngale ndi amene wagwira mwala. Khalifa sadamutsekere m'ndende, sadamunyoze. Timothy adabwerera kwawo n'kukalemba zonse zomwe adakambirana, ndipo zolembazo zilipo mpaka lero. Ngati mfumu yokhala ndi asilikali ndi mkulu wa mpingo wokhala ndi mantha onse oyenera adatha kutero, inu ana a mimba imodzi chikukulepheretsani n'chiyani?

Mabuku anu onse awiri adakuikirani kale malire. Sura 29 ndime 46 imalamula Msilamu kuti asatsutsane ndi anthu a Buku koma mwa njira yabwino koposa. Pa 1 Petro 3:15 Mkhristu akuuzidwa kukhala wokonzeka kuyankha za chiyembekezo chake, koma mofatsa ndi mwaulemu. Wonyoza Muhammad pofuna kuteteza Yesu waphwanya Baibulo lake. Wonyoza Baibulo ndi mawu otukwana pofuna kukweza Mtumiki waphwanya Qur'an yake, waiwalanso kuti Asilamu oyamba atazunzidwa ku Makka cha m'ma 615 adathawira ku Ethiopia, kwa mfumu yachikhristu yomwe idakana kuwapereka kwa adani awo.

Kuno kwathu mtendere wa zipembedzo sudagwe kumwamba ngati mvula. Makolo anu adaupanga ndi manja. Pa ukwati wa Mkhristu ankaitana Msilamu kudzazinga mbuzi kuti aliyense adye mosakayika. Pa Eid mbale ya mpunga inkaoloka mpanda kupita kwa oyandikana nawo a mpingo. Mu 1992, dziko lili pa mpanipani wa chipani chimodzi, atsogoleri a mipingo ndi a Chisilamu adakhalira limodzi mu Public Affairs Committee kukankha kuti zinthu zisinthe. Anthu amenewa sankagwirizana za Nkhoswe. Ankadziwa bwino lomwe kuti sagwirizana, ndipo adzukulu awo ndinu.

Sindikukuletsani kukambirana za Mulungu. Chikhulupiriro chomwe chimaopa funso n'chofooka, ndipo safunsa adadya phula. Chomwe ndikufuna n'chakuti musanatumizenso kakanema kena, muchite izi. Iwe wa kumzikiti, bwereka Baibulo kwa msuweni wako uwerenge Yohane 14, 15 ndi 16 yonse, kuyambira vesi loyamba mpaka lotsiriza, kenako Deuteronomo 17 ndi 18. Iwe wa kutchalitchi, pempha Qur'an yomasuliridwa m'Chichewa, uigwire ndi manja osamba monga eni ake amafunira, uwerenge Sura 61 yonse. Ili ndi ndime 14 zokha, ndipo yotsiriza ikukamba za ophunzira a Isa. Pomwe simukumvetsa, wina akafunse shehe, wina akafunse abusa, ndipo mukafunse ophunzira enieni, osati aliyense wokhala ndi foni ndi mawu okweza. Mukadzakumana, aliyense ayambe wafotokoza mfundo ya mnzake mpaka mnzakeyo avomere kuti inde, ndi zomwe ndimakhulupirira. Akatero m'pamene ayankhe.

Mwezi wa mawa tili ndi sadaka ya malemu azakhali anu, ndipo ndikufuna ndidzakuoneni nonse, a mkanjo ndi a yunifolomu ya kwaya, mukuthandizana kuwaza nkhuni ndi kutunga madzi. Amene mwasiyana moni muyambe mwaimbirana foni sabata ino, musadikire kuti ndidzakuyanjanitseni pamaso pa alendo. Mabuku aja mudzabwere nawo, tidzawerenga limodzi anthu akabalalika.